Manja Amene Amasunga Nyumba za Shakespeare

Nyumba imene William Shakespeare anabadwiramo mu 1564, mumsewu wa Henley ku Stratford-upon-Avon m'dziko la England, inamangidwa ndi mitengo ndi dothi. Akalipentala anasema nsanamira ndi mitanda ya mtengo wa oak, nazilumikiza poboola mphako pa mtengo wina ndi kusongola msonga ya unzake, kenako kukhomerapo zikhomo zamtengo m'malo mwa misomali. M'mipata yotsala analukamo timitengo ting'onoting'ono, naphomapo dothi losakaniza ndi udzu, ndowe ndi ubweya wa ziweto, pamwamba pake n'kupaka laimu. Amene anaonapo nyumba ya nsichi ikuphomedwa kumudzi sangavutike kumvetsa mamangidwe amenewa, ndipo akudziwanso kuti khoma lotere likangosowa mwini kwa zaka zingapo limayamba kugumuka. Koma la ku Henley likadali chiimire patatha zaka zoposa 450, chifukwa pali anthu amene ntchito yawo ndi kulisamalira, ndiponso ena amene amapereka ndalama zolipirira ntchitoyo.

Nyumbayi inatsala pang'ono kutayika. Mbali ina inasanduka nyumba ya alendo yogulitsanso mowa yotchedwa Swan and Maidenhead, ina inakhala butchala. Mu September 1847 inaikidwa pa okushoni ku London, ndipo kunamveka mphekesera zoti P. T. Barnum, mkulu wa zionetsero wa ku America, akufuna kuigula, kuiphwasula ndi kukaimanganso kwawo. Anthu a ku Stratford ndi ku London anapanga makomiti osonkhetsa ndalama ndipo anaigula pa £3,000. Zosonkhazo zinaperewera, moti gawo lina anachita kukongola kubanki. Charles Dickens, mlembi wotchuka wa nthawiyo, anachita nawo masewero osonkhetsera ndalama zothandizira nyumbayo. Apa ndi pamene panayambira bungwe la Shakespeare Birthplace Trust, limene Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inalikhazikitsa mwalamulo mu 1891.

Oyamba kuikonza nyumbayi, pakati pa 1857 ndi 1864, anali ndi dzanja lolemera. Anagwetsa nyumba zoyandikana nayo poopa moto, nasintha kumaso kwake kuti kufanane ndi chithunzi chojambulidwa mu 1769. N'chifukwa chake lero imaoneka ngati inaima payokha, chonsecho John Shakespeare, bambo wa William, ankasoka magolovesi ake pamzere wa nyumba zothinana. Sindiwadzudzula kwambiri anthu amenewo, pakuti akanapanda iwo bwenzi tilibe n'chokamba chomwe. Koma kuyambira 1877, pamene William Morris ndi anzake anayambitsa bungwe loteteza nyumba zakale, maganizo anayamba kusintha: mmisiri akonze pokhapo pamene paonongeka, asafune kuibweza nyumba ku unyamata wake. Luso la amisiri a lero lagona pa kudziletsa kumeneku, ndipo n'lovuta kuposa kumanga chatsopano.

Taganizirani nsanamira imene yawola kutsinde. Njira yachidule ndi kuizula yonse n'kuikapo ina. Kalipentala wa nyumba zakale satero. Amayamba wafufuza pamene kuwolako kwalekezera, amachirikiza katundu amene nsanamirayo yasenza, amadula mbali yofumbwa yokhayo, kenako amasema chidutswa cha oak watsopano mopendekera kuti chigwirane ndi chakale, n'kukhomerapo zikhomo. Mtengo watsopano umanyala ukamauma, ndiye ayenera kudziwiratu kuti mfundoyo idzakhala bwanji pakadzapita zaka. Pa mitanda ya nyumba zotere kawirikawiri pamakhala zizindikiro zimene akalipentala akale ankalemba ndi tchizulo kuti adziwe mtengo wolumikizana ndi unzake pomanga. Wozula nsanamira yonse amataya zolemba zimenezo, zimene palibe buku lina linazisunga.

Za laimu ndiye nkhani yokoma kwambiri. Munthu wosadziwa angati simenti ndiyo yabwino chifukwa ndi yolimba. Pa khoma la mitengo ndi dothi, kulimbako ndiko kumaononga. Mitengo imafufuma nyengo ya chinyontho ndi kunyala nyengo youma, simenti siisuntha nayo, ndiye imang'aluka m'mphepete. Madzi amalowa pamng'alupo, amasowa potulukira, mtengo n'kuyamba kuwolera mkati, ndipo tizilombo tofumbwitsa mitengo timakonda pa chinyontho pomwepo. Laimu ndi yofewa, imalola kuti chinyontho chituluke, ndipo ikatha imangopakidwanso. Wopaka amathira mopyapyala kangapo, akudikira kuti ulendo woyamba ugwire asanabwereze, ndipo sapaka kunja kukamazizira mpaka madzi kuundana. Ntchito imeneyi siifuna phuma, ndipo kusapupulumako ndiko kumadya ndalama.

Ku Shottery, mtunda woyenda wapansi kuchokera m'tauni, kuli nyumba imene kunakulira Anne Hathaway, mkazi wa Shakespeare. Bungwe la Shakespeare Birthplace Trust linaigula mu 1892, ndipo mbali yake yakale kwambiri ndi ya cha m'ma 1463. Denga lake ndi lofolera, choncho limafuna ofolera odziwa kuyala mitolo mothinana, kuigwiritsa ndi timitengo topinda ngati chibano, ndi kusoka mzere wapamwamba umene umatha msanga kuposa denga lonse.

Chimene chimandichititsa kuligwadira bungweli ndi nkhani ya ku Wilmcote. Mu 1930 linagula nyumba ya pafamu imene aliyense ankakhulupirira kuti ndi kwawo kwa Mary Arden, mayi wa Shakespeare. Alendo anaionera kwa zaka 70, anaijambula, masukulu anabweretsako ana. Mu 2000 katswiri wa mbiri ya nyumba zakale, Nat Alcock, anatsata makalata a malo ndi a lendi mpaka anapeza kuti nyumbayo inali ya mnansi wawo, Adam Palmer. Kwawo kwenikweni kwa Mary kunali pafupi pomwepo, pa Glebe Farm, nyumba yosaoneka bwino imene kunja kwake inakutidwa ndi njerwa m'zaka za pambuyo. Akatswiri owerenga mizere ya mkati mwa thunthu la mtengo, umene umaonjeza mzere umodzi chaka chilichonse, anapeza kuti mitengo yake inadulidwa cha m'ma 1514. Mwamwayi bungweli linali litagula kale malowo mu 1968. Linalengeza poyera kuti linalakwitsa, nasintha mayina a nyumba ziwirizo. Bungwe lodalira matikiti a alendo likanatha kungokhala chete.

Kudziletsa komweko kukuoneka pa New Place, nyumba yaikulu imene Shakespeare anagula mu 1597 atalemera ndi zisudzo ku London. Mbusa wina, Francis Gastrell, atakhala mwini malowo, anatopa ndi alendo, nadula mtengo wa mabulosi umene anthu ankati anabzala Shakespeare, ndipo mu 1759 anagwetsa nyumba imene inali pamenepo. Bungweli silinamangepo nyumba yongoyerekeza. Kuyambira 2010 akatswiri ofukula zakale pamodzi ndi anthu ongodzipereka anakumba malowo kuti adziwe pamene panadutsa maziko, ndipo mu 2016, pokumbukira zaka 400 chimwalirire mlembiyu, anatsegulanso malowo ngati munda wosonyeza pamene nyumbayo inali.

Kuseri kwa nyumba zonsezi kuli mapepala. Bungweli limasunga kaundula wa tchalitchi cha Holy Trinity, mmene munalembedwa ubatizo wa William pa 26 April 1564 ndi kuikidwa kwake m'manda mu April 1616. Tsiku lobadwa silinalembedwe paliponse, 23 April ndi la mwambo chabe. Limasunganso First Folio, buku la masewero 36 limene anzake awiri a pa siteji, John Heminges ndi Henry Condell, anatulutsa mu 1623. Masewero 18 a m'bukuli anali asanasindikizidwepo, ndipo pakati pawo pali Macbeth ndi Julius Caesar. Wophunzira wa ku Malawi amene anatuluka thukuta ndi Macbeth pokonzekera mayeso a MSCE ali ndi ngongole kwa amuna awiri amenewa. Osunga mabukuwa amayang'anira kutentha ndi chinyontho cha m'chipinda, amachepetsa kuwala, amatsamiritsa buku pa zofewa kuti msana wake usathyoke, ndipo saika tsamba limodzi pachionetsero nthawi yaitali. Pomata pepala long'ambika amagwiritsa ntchito guluu wa ufa wa tirigu, amene wodzabwera pambuyo angathe kumuchotsa popanda kuononga pepala.

Zonsezi zikanakhala zosungira fumbi zikanapanda kufika kwa ana. Ophunzira amabwera ku Stratford kudzamva ziphunzitso ndi kudzasewera okha zigawo za masewero, ndipo kuyambira 2014 bungweli limakonza Shakespeare Week mwezi wa March, n'kumapereka kwaulere zipangizo zophunzitsira ku masukulu a pulayimale a m'dzikolo. Ana amayamba ndi kusewera ndi kuvala zovala za pa siteji, zolemba pamayeso zimabwera pambuyo.

Ndalama zambiri zimachokera ku matikiti, ku masitolo a bungweli ndi kwa anthu akufuna kwabwino. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseketsa nyumba zonse, alendo analeka kubwera, koma chinyontho sichinaleke kulowa m'mitengo, ndipo boma linachita kuthandizapo ndi thumba lapadera lopulumutsira malo a chikhalidwe. Mu 2024 Ken Ludwig, mlembi wa masewero wa ku America amene analembanso buku lophunzitsira ana Shakespeare, anapereka £1 miliyoni. Ndalamayo anaiika pa kukonza Hall's Croft, nyumba ya mitengo ya mu 1613 imene anthu amaidziwa ngati kwawo kwa Susanna, mwana wamkazi wa Shakespeare, ndi mwamuna wake sing'anga John Hall. Bungweli linati imeneyi ndiyo mphatso yaikulu koposa yochokera kwa munthu mmodzi kuyambira 1847.