Anafera dziko kapena anafera kutali?

Mwezi wathawu mphunzitsi wina wopuma pantchito wa kufupi ndi Zomba adanditumizira kabuku kamene iye ndi anzake akufuna kusindikiza November asanafike. M'kabukumo muli mayina a anthu a m'midzi yawo amene adapita kunkhondo ya 1914 mpaka 1918 koma osabwerako, komanso tinkhani timene adzukulu awo akukumbukabe. Zam'kati adamaliza kalekale. Chawavuta ndi mutu. Pachikuto chongoyeserera adalembapo mitu itatu ndi pensulo, n'kundifunsa kuti, "Inu a zachiyankhulo, tatiuzani, wabwino ndi uti?" Ndidawayankha kuti yonse itatu ili ndi chilema. Nditafotokoza, adandilola kuibweretsa nkhaniyi pano, poti mkangano wake wagona pa galamala.

Woyamba unali wakuti Ngwazi Zathu za Nkhondo ya Chiwaya. Chiwaya chimenechi si cha tchipisi ayi. Makolo athu ankatcha chiwaya mfuti ija yolavula zipolopolo motsatizana, ndipo dzinali lidafalikira kunkhondo yonseyo, moti katswiri wa mbiri Melvin Page adalitenga kukhala mutu wa buku lake, The Chiwaya War. Koma tafunsani mwana wa Fomu 2 kuti chiwaya n'chiyani, akulozerani pamene akukazinga mbatatesi pamsika. Ngakhale zili choncho, ine sindingalitaye. Ndi dzina limene eni nkhondoyo adaipatsa, ndipo ukangoliphatikiza ndi zaka, 1914–1918, wowerenga azindikira yekha kuti apa sitikunena za mafuta ophikira. Limene ndikukana ndi liwu lakuti ngwazi. Kwa zaka pafupifupi 30 liwuli lidali ngati dzina la munthu mmodzi, Dr Hastings Kamuzu Banda, kenako adadzaliveka Bingu wa Mutharika. Likamveka, khutu la Mmalawi limayembekezera nsanja, mbumba ndi nthungululu. Komanso kabukuka sikakusimba za munthu amene adagonjetsa adani. Kakusimba za anyamata amene nyakwawa idawaloza chala, mawa lake ali paulendo.

Wachiwiri ndi umene ambiri m'komitiyo adaukonda: Anafera Dziko Lathu. Ndi waufupi, umakoma pakamwa, ndipo ndi umene uli woopsa kuposa yonse.

Tiyeni tione mneniyo. Tsinde ndi -f-, monga mu kufa. Kenako pabwera kachidutswa kakuti -er-, kamene kusukulu tidaphunzira kuti ndi msintho womuchitira: kuphika kukhala kuphikira, kulemba kukhala kulembera. Aphunzitsi ambiri amalekezera pomwepo, ngati kuti ntchito yake ndi imodzi yokha, yochitira wina chinthu. Koma mvetserani ziganizo izi: "Mayi akuphikira ana nsima." "Mayi akuphikira panja." "Mayi akuphikira mthiko watsopano." Mneni ndi yemweyo, koma poyamba -ir- akuloza wolandira, kachiwiri malo, kachitatu chipangizo. Kufera nakonso kuli chimodzimodzi. "Anafera ku Tanganyika" akutiuza kumene munthu adatsirizikira, basi. "Anafera dziko" akutiuza chimene chinali mumtima mwake, kuti adapereka moyo wake mwadala chifukwa cha chinthu chimene ankachikonda. Chiganizo choyamba wolemba mbiri angachitsimikize ndi kaundula kapena ndi umboni wa mnzake amene adabwerako. Chachiwiricho angachitsimikize ndi chiyani?

Ndiye funsani kuti dziko lathu lo ndi liti. Mu 1914 kunalibe boma lotchedwa Malawi. Kunali Nyasaland pansi pa Angerezi, ndipo asilikali a King's African Rifles, amene kumudzi ankangoti a Keyala, ankamenyera nkhondo Mfumu George V. Wina anganene kuti Majeremani adalowadi m'dziko muno, ndipo n'zoona: pa 9 September 1914 nkhondo idaphulika ku Karonga. Koma zaka zotsatirazo nkhondoyo idathera kuthamangitsa General von Lettow-Vorbeck m'tchire la German East Africa, kulowa mu Mozambique, mpaka kukatulukira ku Northern Rhodesia kumene adakatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 November 1918. Munthu wa kwathu amene adagwa ndi kamwazi m'nkhalango ya ku Mozambique atasenza bokosi la zipolopolo, ankateteza mudzi wa yani? Funso limeneli si la lero. Mu November 1914 John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukakhetsa mwazi pankhondo imene siyawo, ndipo pofika January 1915 adaukira boma. Chilembwe timamukumbukira pa 15 January chaka chilichonse. Sizingakhale bwino kuti kabuku kochokera m'boma loyandikana ndi kwawo ku Chiradzulu kayankhe pachikuto, ndi mawu atatu, funso limene iye adafera akulifunsa. (Onani, nanenso ndagwiritsa ntchito kufera, ndipo apa sakuloza malo kapena wolandira. Kachidutswa kameneka n'koterera.)

Sindikuti palibe amene adapita mwa kufuna kwake. Analipo, makamaka m'madera a Zomba ndi Mangochi kumene usilikali unali ntchito yodziwika ndi yamalipiro. Koma mutu umafunditsa mayina onse bulangete limodzi, wofuna ndi wogwidwa yemwe.

Apa ndi pamene pagonanso vuto la mutu wachitatu, Chikumbutso cha Asilikali Athu. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti asilikali ochokera ku Nyasaland anali pafupifupi 19,000, pamene onyamula katundu, atengatenga aja, anali pafupifupi 200,000. Ambiri mwa atengatenga amene adafa sadaphedwe ndi chipolopolo. Adatha ndi malungo, kamwazi, chibayo ndi njala. Chipilala chachitali chija cha ku Zomba, kufupi ndi Cobbe Barracks, ndi cha a Keyala. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomera lokha kuti anthu oposa 100,000 a nkhondo imeneyi, ambiri a iwo Aafirika, sadakumbukiridwe ndi mayina awo monga adachitira ndi Azungu. Phindu lenileni la kabuku ka aphunzitsiwa n'lakuti mayina ambiri m'menemo ndi a atengatenga, otoledwa khomo ndi khomo. Kulemba asilikali pachikuto ndiye kuwatulutsanso pakhomo anthu omwe waitana. Liwu lakuti chikumbutso lilibe mlandu, kungoti ndi lozizira, la pa pulogalamu ya mwambo wa boma.

Ine ndidapereka wanga: Anafera Kutali, pansi pake ndi zilembo zazing'ono, Asilikali ndi Atengatenga a Kwathu pa Nkhondo ya Chiwaya, 1914–1918. Mneni ndi yemwe uja komiti idamukonda, koma tsopano -er- akugwira ntchito ya malo, imene kabukuka kangaikire umboni. Ndipo musaganize kuti ndi mutu wouma. Kwa ife kufera kutali ndi chisoni chachiwiri pamwamba pa imfa: palibe adzukulu okumba manda, palibe nyumba ya siwa, palibe kumeta, palibe pomanga chiliza. Wowerenga Chichewa zonsezi azimva popanda kuuzidwa. A- woyambirirayo amathandizanso, poti amaimira anthu ambiri komanso munthu mmodzi mwaulemu. Gogo amene akufunafuna dzina la agogo ake awerenga mutuwo ngati ukunena za iwo okha.

Mayi wina wa m'komitiyo akuti adakana, amvekere, "Kufa n'kwa nkhuku, munthu amamwalira." Ali ndi mfundo. Pamaliro sitinena kuti wafa, timati wamwalira, watisiya, watsogola. Koma yesani kutchula Anamwalirira Kutali mumve mmene lilime likupunthwira. Kuposa apo, kumwalira kumabwera ndi chithunzi chake: munthu pamphasa, abale atamuzungulira. Anthu awa sadaone zimenezo. Ndipo kufera, mosiyana ndi kufa, si mawu achipongwe. M'tchalitchi momwe timati Yesu anatifera, palibe amene amadzuma.

Nanga bwanji Anafera osati Adafera? Mabuku a sukulu amakonda -da- pa zinthu zakalekale, ndipo ine ndemwe ndalemba nkhani inoyi ndi -da-. Koma kabukuka ndi ka anthu a ku Zomba, amene pakamwa pawo pamatuluka -na-, ndipo tinkhani ta m'katimo adatilemba mmene eni ake adayankhulira. Chikuto chisayankhule Chichewa china.

Panali mutu wina umene ndidauganizira n'kuusiya: Amene Sanabwerere. Umandikoka chifukwa papepala sanabwerere angatanthauze kuti sadabwere konse, kapena kuti tikuwadikirabe, ndipo m'mabanja ambiri uthenga wa maliro sudafike n'komwe. Koma ndi mutu wa ndakatulo. Ungakhale wa buku la anthu amene adakatchona ku Joni kapena ku Salisbury, ndipo munthu wouona pashelefu sangadziwe kuti ndi za akufa.

Wanga nawonso suli bwino ponseponse. Aphunzitsi aja atandiimbira foni adandikumbutsa kuti m'kabukumo muli mayina angapo a anthu amene adafika ndithu kumudzi, n'kumwalira patangopita masabata ochepa ndi chimfine chija chidasesa dziko kumapeto kwa 1918. Amenewo adafera pakhomo, ndipo manda awo alipo. Ndidawauza kuti awapatse tsamba lawolawo kumapeto, ndi kamutu kakuti Anafika Koma Sanakhalitse. Iwo adati akakambirana ndi anzawo Loweruka likubwerali, ndipo mayi aja akadaumirirabe pa kumwalira.