Mphasa ya galasi

Kanjedza ya kale tinkaidziwa ndi zimbale za setilaiti zoyang'ana kumwamba, zimene zinkanyamula mawu athu kupita kunja. Lero mawuwo ambiri amayenda pansi pa nthaka ndi pamapolo, m'tiulusi ta galasi. Mmisiri wina yemwe ndinam'peza atagwada pa ngalande, m'mbali mwa msewu wa ku Limbe, anandipatsira m'manja chidutswa cha chingwe cha faiba chotchedwa riboni. Ndinachitembenuzatembenuza osafuna kubweza.

Wosoka mphasa angachizindikire msanga. Tiulusi 12 amatigoneka mogundizana ngati bango, n'kutimata kuti tikhale kalamba kamodzi ka mamilimita atatu basi. Galasi la kaulusi kalikonse ndi mamilimita 0.125, ngati tsitsi, ndipo kuwala kumadutsa pakatikati penipeni. Kalikonse kali ndi mtundu wake: kabuluu patsogolo, kenako kaolenji, kobiriwira, mpaka ka 12, ndipo ndondomekoyi sisintha. Timalambato amatisanjikiza. Timalamba 12 timapereka tiulusi 144, monga chingwe chimene a Bell Labs anayesa ku Atlanta mu 1976. Zamakono zina zimanyamula 3,456.

Kunja kwa chingwecho kuli nzeru ya munthu wodziwa adani ake. Pali nsalu yomwe imafufuma ikangonyowa, n'kutseka njira ya madzi a dzinja. Pali chitsulo chamakwinya chogonjetsa mano a makoswe koma cholola chingwe kupindika. Pamwamba pali pulasitiki yakuda yosaopa dzuwa la Okutobala. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kachingwe kobisika pansi pa chikopacho: ukakakoka, chikopa chimang'ambika chokha, mpeni osayandikira galasi. Wopanga anaganizira mnzake amene sadzakumana naye, wogwira ntchito m'matope.

Khasu la wokumba kapena chikwanje cha mbala chikadula chingwe, m'pamene riboni imaonetsa phindu lake. Ena amalumikiza kaulusi kamodzikamodzi mpaka kunja kuda. Mmisiri uja amalumikiza 12 nthawi imodzi. "Taonani, achimwene," anatero. Anasenda kalamba, n'kukapukuta ndi sipiriti mpaka kulira kuti tswii, n'kukadula mowongoka. Anakaika m'makina, n'kutchinga mphepo ndi msana wake kuti fumbi la maminibasi lisalowe. Kamoto ka magetsi kanati phethi. Pa sikirini, tiulusi 12 tinaoneka tathunthu, chipsera osachipeza.