Woweruza Wosaoneka: Kodi Malamulo a Chess ya pa Intaneti Ngolungama?

Nsolo ndi drafuti timazidziwa tonse kuno ku Chadiza. Munthu akabisa njere m'dzanja, kapena akakankha kacitsekero ka botolo mnzace atayang'ana kumbali, oonerera amakuwa pomwepo, ndipo mlandu umathera pansi pa mtengo womwewo. Tsopano ambiri a inu mwayamba kusewera chess pa foni, pa Chess.com kapena pa Lichess, ndi anthu a kutali amene simudzawaona nkhope. Masewerawa ngabwino, ndipo dziko lathu la Zambia liri ndi ulemu wace pa iwo: Amon Simutowe analandira udindo wa Grandmaster mu caka ca 2009, woyamba mwa onse a ku Africa wa kumwera kwa Sahara. Koma pa intaneti palibe oonerera. Nanga wakuba amagwidwa bwanji, ndipo amene amamgwira amaweruza molungama kodi?

Tiyambe ndi cimene cimabedwa. Mu 1997 kompyuta yochedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse wa nthawi imeneyo. Lero pulogalamu yochedwa Stockfish imapezeka mwaulere, imalowa m'foni wamba, ndipo palibe munthu wamoyo angaipose. Wofuna kubera amangoifunsa posuntha, iye n'kumatsanzira. Malamulo amaletsa zimenezi. Amaletsanso kulandira uphungu kwa munthu wina masewera ali mkati, kubwereka mnzako akaunti yako kuti akusewerere, ndi kuluza dala kuti manambala ako atsike ukakumane ndi ofooka. Tsono inu amene mumaunjikana asanu pa foni imodzi pa Boma, n'kumauza wosewerayo kuti "idya ndi kavalo uyo", dziwani kuti munthu wa tsidya linalo mukumbera.

Kagwiridwe kace nkotere. Makina amayerekeza kusuntha kwako konse ndi kumene Stockfish ikanasankha. Amaona nthawi: munthu amafulumira pophweka nacedwa povuta, pamene wotsanzira amatenga nthawi yofanana paliponse. Amaonanso ngati umacoka pa masewera kupita pa tsamba lina usanasunthe, ndiponso ngati luso lako lakwera mwadzidzidzi kuposa mbiri yako. Zizindikiro zikaculuka, akaunti imatsekedwa kapena kuikidwa cizindikiro ca manyazi. Pa mipikisano ya ndalama osewera amauzidwa kuyatsa makamera kuti cipinda cao cioneke.

Nchito imeneyi njofunika, ndipo ndiiyamikira. Popanda iyo mwana wa sukulu amene wagula bandulo ndi ndalama yace yocepa akanamangosewera ndi makina obisala m'dzina la munthu. Komabe pali zinthu zitatu zimene sizindikhutiritsa, ndipo mlandu wa Hans Niemann uzionetsa zonse.

Mu Seputembala 2022, pa mpikisano wa Sinquefield Cup mu mzinda wa St. Louis ku America, Niemann, mnyamata wa zaka 19, anagonjetsa Magnus Carlsen, amene anali katswiri wa dziko lonse pa nthawiyo. Anasewera pa thebulo, maso ndi maso. Carlsen anacoka mu mpikisano, ndipo pambuyo pace ananena poyera kuti akumkayikira mnyamatayo. Niemann anavomera kuti anabera pa intaneti ali ndi zaka 12 ndiponso 16, koma anakana kuti anaberapo pa thebulo. Mu Okutobala a Chess.com anatulutsa lipoti la masamba 72 lonena kuti mwina anabera m'masewera a pa intaneti oposa 100, koma umboni wotsimikiza wakuti anabera pa thebulo sanaupeze.

Coyamba, mlandu umaweruzidwa m'cimbisira. Makina amangoonetsa kuti cinthu ncokayikitsa kwambiri. Sanaone munthu akuba. Wotsekeredwa angathe kucita apilo, koma apiloyo imapita kwa omwewo anamtsekera, ndipo umboni wonse samuonetsa, poopa kuti akuba angaphunzire kuzemba. Cifukwaco ncomveka, koma pa Yohane 7:51 Nikodemo anakumbutsa anzace kuti cilamulo siciweruza munthu cisanamumve. Yerekezani ndi Igors Rausis, amene mu 2019 anajambulidwa akuyang'ana foni m'cimbudzi pa mpikisano wa ku Strasbourg. Umboni unaoneka kwa onse, iye anavomera, ndipo bungwe la chess la dziko lonse, FIDE, linamlanda udindo wa Grandmaster ndi kumletsa kusewera zaka 6.

Caciwiri, woweruza anali ndi phindu lace. Pa nthawi ya mlandu wa Niemann, a Chess.com anali mkati mogula kampani yochedwa Play Magnus, imene Carlsen anali mmodzi wa eni ace. Iwo anati malondawo sanakhudze ciweruzo cao. Zingakhale zoona. Koma kwathu kuno nyakwawa imene ikukambirana za malonda a ng'ombe ndi mwini dandaulo imapempha nduna ina kuti iweruze.

Cacitatu, pali tsankho. Lipoti lomwelo linanena kuti akatswiri ambiri anagwidwa navomera, anayi mwa iwo ali pakati pa osewera 100 opambana pa dziko lonse, koma maina ao anabisidwa. Niemann nayenso mlandu wace unali utakambidwa mwamseri mu 2020, ndipo unafukulidwa atagonjetsa munthu wamkulu. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Lamulo limene libisa ena ndi kuulula ena litaya ulemu wace.

Mathero ace aphunzitsa kanthu. Niemann anasuma kufuna madola 100 miliyoni. Mu Ogasiti 2023 onse anagwirizana kunja kwa khoti: a Chess.com anamtsegulira akaunti, ndipo Carlsen anavomereza kuti palibe umboni wotsimikiza wakuti anaberedwa pa masewera aja. Mu Disembala caka comweco FIDE inalipiritsa Carlsen mayuro 10,000 cifukwa cocoka mu mpikisano popanda cifukwa cokwanira. Niemann anali ndi mbiri yoipa imene anadzipangira yekha ali mwana, ndipo inamtsata. Komanso anasenza mlandu wina umene sunatsimikizike.

Apa pali macimo awiri, ndipo acinyamata a mpingo tiyenera kuwaopa onse. Lina ndi kuba, lina ndi kunamizira. Mukagonja kwa munthu amene mumamyesa wofooka, mtima umafulumira kunena kuti wabera. Deuteronomo 19:15 afuna mboni ziwiri kapena zitatu munthu asanatsutsidwe, ndipo kuwawidwa mtima kwanu si mboni. Ngati mukukayika, tumizani dandaulo kwa oyang'anira masewera mwa njira imene anaika, ndipo dzina la mnzanu musaliike pa WhatsApp. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gulu lanu likakonza mpikisano wa pa foni, gwirizanani malamulo musanayambe. Wosewera akhale payekha, foni yaciwiri isungidwe ndi mtsogoleri, ndipo woweruza asakhale mbale wa wosewera aliyense. Wokayikiridwa aitanidwe, amve cimene akumnenera, ayankhe. Wovomera kulakwa alandire cilango cimene munagwirizana, cofanana kwa mwana wa mkulu wa mpingo ndi kwa mlendo, ndipo cikatha abwerere pakati panu.