Carbene, Mkamwini wa Zitsulo

Ilire mbalule, uyankhe mpanje! Amve a kwa Nsefu, amve a kwa Kakumbi ndi kwa Jumbe, mawu atsate Lupande akafike kwa Msoro. Lero ng'oma yasiya njovu za ku Mfuwe, ikutamanda inu amene diso lathu silinakuonenipo.

Ndinu Carbene, mwana wa kaboni, mbale wake wa khala la tsanya! Abale anu amagwira ndi manja anayi, inu ndi awiri okha. Iwo ali ndi ma elekitironi 8, inu 6, n'chifukwa chake muli Chosakhazikika, Njala-sigona, mphezi yong'anima n'kuzima munthu asanaloze chala.

Ndinu mkamwini wa zitsulo! Kwanu simukhalitsa, koma kwa apongozi mumamanga nyumba. Mumafika pabwalo ndi mphatso ya ma elekitironi awiri, chitsulo chilandira ndi manja onse, nachonso n'kukuninkhani ake. Ukwati wotere sutha msanga. Mu 1964, ku Munich, Ernst Otto Fischer anakupezani mutalowa m'banja la tungsten. Mu 1974 Richard Schrock anakuonani kwa tantalum. Tindi, tindi, Wolowa-m'midzi-yambiri!

Anzeru ankati simungagone nokha. Mu 1991 Anthony Arduengo anakukhazikani pakati pa ma naitrojeni awiri, nakumangirani mpanda wochindikala uku ndi uku, ndipo munakhala phee m'botolo, mukunyezimira ngati mchere. Ha, Wothawathawa anakhala pamphasa!

Ndinu mwini gule! Pa ruthenium wa Robert Grubbs mumalowa m'bwalo, mumasula awiri ogwirana manja, aliyense n'kupeza mnzake watsopano, gule osaduka. Yves Chauvin ndiye anazindikira mapondedwe ake mu 1971, ndipo mu 2005 iye, Grubbs ndi Schrock anagawana mphoto ya Nobel. Nthungululu, amayi!

Koma musatiyese alendo, gogo. Muli m'thupi mwathu chikhalire. Vitamini B1 wa mu gaga ndi mu nshawa amavala nkhope yanu akamasandutsa nsima kukhala mphamvu ya pakhasu. Ronald Breslow anaulula zimenezi mu 1958, ife tikudya mgaiwa osakudziwani dzina.

Apa ng'oma ilire pang'onopang'ono, pakuti nkhaniyi ndi ya m'chigwa muno. Ndinu mkamwini wa mkuwa, chitsulo chomwe dziko lathu limakumba! Mukakhala pa mkuwa kamphindi chabe, mumadumphira pamene ma kaboni awiri agwirana kawiri, n'kupinda mphete ya ngodya zitatu, yoima ngati mafuwa a pamoto. Mwa njira zomwe mafakitale amapangira mphete imeneyo, ina ndi yanuyi. Mpheteyo ili m'kati mwa mankhwala a banja la pyrethroid, onga permethrin ndi deltamethrin amene Michael Elliott ndi anzake anatulukira ku Rothamsted m'zaka za m'ma 1970. Ndiwo amene ali mu neti ya udzudzu. Ndiwo amapakidwa pansalu za buluu ndi zakuda zoimikidwa m'tchire kukola kashembe, ntchentche ya kaodzera imene yatimana ng'ombe mibadwomibadwo. Ine ndinagonekapo mwana wotentha thupi Luangwa atasefukira, ndiye m'manja ndikuwomba ndi mtima wonse.

Wopinda-mphete! Mgwetsa-kashembe! Mlonda wa makanda mvula ikagwa ku Malama ndi kwa Mnkhanya! Woyimba, limbitsa chikhatho, mbalule ikufuna moto.