Gulugufe wa ku Brazil ndi Mvula ya ku Chitipa

Buku la James Gleick lotchedwa Chaos: Making a New Science linasindikizidwa ku America m'chaka cha 1987, ndipo kufikira lero ndilo khomo limene anthu ambiri amalowera akafuna kumva za nthambi ya masamu yotchedwa chaos theory. Bukuli lakalamba, koma funso limene likuyankha ndi la kwathu kuno: n'chifukwa chiyani akatswiri okhoza kutiuza tsiku ndi mphindi imene kadamsana adzachitike zaka 50 zikubwerazo amalephera kuuza mlimi wa ku Kameme kapena ku Nthalire ngati mvula idzagwe Lachinayi la sabata yachitatu kuchokera lero? Tikuliwerenga monga anthu amene chakudya chawo chimadalira yankho la funso limeneli, ndipo tikupeza kuti pena likutsegula maso, pena likusocheretsa.

Gleick akuyamba ndi Edward Lorenz, katswiri wa zanyengo pa sukulu ya ukachenjede ya MIT. M'chaka cha 1961 Lorenz anali ndi kompyuta ya mtundu wa Royal McBee LGP-30, imene inkayerekeza kayendedwe ka mpweya potsata malamulo 12 a masamu. Tsiku lina anafuna kuonanso zotsatira zina, ndipo posafuna kuyambira pachiyambi, analowetsa m'makinawo nambala imene anaikopera pa pepala losindikizidwa kale. Makinawo ankasunga 0.506127, koma pepala linkaonetsa 0.506 yokha. Anatuluka kukamwa khofi, ndipo pobwerako anapeza kuti nyengo ya miyezi iwiri ya m'makinamo yasiyana kotheratu ndi ya poyamba. Anayamba waganiza kuti makina awonongeka. Ataunika bwino anaona kuti kusiyanako kunayamba kochepa kwambiri, n'kumawirikiza kawiri pafupifupi masiku anayi alionse, kufikira nyengo ziwirizo zinalibenso chofanana. Zimene anapezazi anazilemba m'chaka cha 1963, atachepetsa malamulo aja kufika pa atatu okha.

Mutu woyambawu ndi umene Gleick anaulemba bwino koposa, ndipo phunziro lake ndi lomveka ngakhale kwa munthu amene sanapite patali ndi masamu. Malamulo oyendetsa mpweya sasintha. Koma kuti munthu awagwiritse ntchito polosera, ayenera kudziwa mmene mpweya ulili lero, paliponse, mosaphonya ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi palibe angazikwanitse. Taganizirani boma la Chitipa. Pa boma penipeni, pamene kale pankatchedwa Fort Hill, ndi pamtunda wa pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mapiri a Misuku, kumene amalima khofi, amafika pafupifupi mamita 2,000. Kumadzulo kuli mapiri a Mafinga, kummwera kuli Nyika, ndipo mpweya wachinyezi wochokera ku Congo umakumana ndi zonsezi. Chipangizo choyezera kutentha ndi mphepo pa boma sichingadziwe zimene zikuchitika m'chigwa chilichonse cha ku Misuku. Chimene sichinayezedwe n'chimodzimodzi ndi manambala atatu aja amene pepala la Lorenz linasiya, ndipo chimakula tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake akatswiri amavomerezana kuti kulosera nyengo ya tsiku ndi tsiku kumathera pa masabata awiri kapena kufupi ndi pamenepo, ngakhale makina atakhala amphamvu bwanji.

Vuto loyamba la bukuli lili pa dzina. Mawu akuti chaos, m'Chichewa, ndi chipwirikiti kapena chisokonezo, monga chimene chimachitika pa msika akuba akagwidwa. Koma zimene Lorenz anapeza si chipwirikiti. Atajambula zotsatira za malamulo atatu aja, mzere wake sunabwerepo pamalo amodzi kawiri, komabe sunatuluke m'chithunzi chimodzi chooneka ngati mapiko awiri. Tanthauzo lake ndi lakuti tsiku la mawa silidziwika, koma malire a zimene zingachitike amadziwika. Ku Chitipa mvula siigwa ngati ya m'dzinja mwezi wa August, ndipo mwera pa nyanja yathu umawomba m'miyezi yake yozizira. Dzinali linachokera kwa Tien-Yien Li ndi James Yorke m'chaka cha 1975, ndipo linagulitsa malonda, koma lasiya anthu ambiri akuganiza kuti sayansi yavomereza kuti palibe chodziwika.

Gulugufe nayenso wavutitsa. M'chaka cha 1972 Lorenz analankhula pa msonkhano wa akatswiri ku Washington, ndipo mutu wa nkhani yake unali funso lakuti kodi gulugufe akakupiza mapiko ku Brazil angayambitse kamvuluvulu ku Texas. Mutuwo anaupanga ndi mnzake Philip Merilees; Lorenz mwiniwake poyamba ankapereka chitsanzo cha mbalame ya kunyanja. Lero gulugufeyu timamumva m'kamwa mwa olimbikitsa anthu pa wailesi ndi pa Facebook, akunena kuti kanthu kakang'ono kamene ungachite kangasinthe dziko. Mwina mawuwo ndi abwino, koma si zimene Lorenz ananena. Iye anati ngati gulugufe angayambitse kamvuluvulu, angathenso kumuletsa, ndipo m'kupita kwa zaka tinthu ting'onoting'ono totere sitichulukitsa kapena kuchepetsa anakamvuluvulu, timangosintha ndondomeko ya kubwera kwawo. Nkhani yake inali ya malire a kudziwa kwa munthu. Gleick, potcha mutu wake woyamba dzina la gulugufeyu, anathandiza kufalitsa chithunzi chimene chinaphimba mfundo.

Pa mbiri, bukuli ndi la ku America mopambanitsa. Henri Poincaré wa ku France akutchulidwa mongodutsa, chonsecho ndiye anayamba kuona vutoli. M'chaka cha 1889 iye anapambana mphoto ya Mfumu Oscar II ya ku Sweden ndi ntchito yake yofufuza kayendedwe ka zinthu zitatu zokokana m'mlengalenga, monga dzuwa, dziko ndi mwezi. Ntchitoyo ili pa makina osindikizira, Edvard Phragmén anafunsa funso limene linaulula cholakwika chachikulu. Poincaré analipira yekha kusindikizanso, ndalama zoposa mphoto imene analandira, ndipo pokonza cholakwikacho m'pamene anapeza kuti njira za zinthu zitatuzo zikhoza kupiringizana mosaloseka. Ichi chinali chiphuthu pa maganizo a Pierre-Simon Laplace, amene m'chaka cha 1814 analemba kuti nzeru yodziwa malo ndi mphamvu za kanthu kalikonse ingaone zam'tsogolo monga ionera zakale. Ife amene chaka chilichonse timayang'ana kumadzulo kufuna mwezi wa Ramadhan tikuzidziwa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Pamene mwezi udzakhale pa thambo pamawerengeka zaka zambiri zisanafike, chifukwa kusaloseka kwa zam'mlengalenga kumaoneka pakapita zaka mamiliyoni. Koma ngati mtambo udzauphimbe ku Mangochi kapena ku Nkhotakota madzulo amenewo, palibe angalonjeze kutatsala mwezi umodzi.

Palinso ena amene nkhani yofala ya munthu mmodzi ndi makina ake imawasiya mumdima. Mary Cartwright ndi J. E. Littlewood ku England anapeza khalidwe lomweli m'chaka cha 1945 pofufuza masamu a zipangizo za wailesi. Yoshisuke Ueda ku Kyoto analiona m'chaka cha 1961, chaka chomwecho cha Lorenz, koma mphunzitsi wake sanakhulupirire ndipo zinatenga zaka kuti zisindikizidwe. Makina a Lorenz ankawalembera malangizo ndi amayi awiri, Margaret Hamilton ndi Ellen Fetter; Hamilton pambuyo pake anatsogolera olemba mapulogalamu a kompyuta za ulendo wa Apollo wopita ku mwezi. Atsikana athu a ku sekondale ayenera kuwamva mayina amenewa.

Mutu wachitatu wa bukuli ukukhudza asodzi. Robert May, m'chaka cha 1976, anaonetsa kuti lamulo limodzi lophweka lowerengera kuswana kwa zamoyo limabala zodabwitsa. Kuswana kukakhala kochepa, chiwerengero chimakhazikika. Nambala ya kuswana ikapitirira 3, chiwerengero chimayamba kudumpha pakati pa chaka chochuluka ndi chaka chochepa. Ikakwerabe, pakati pa zaka zinayi, kenako zisanu ndi zitatu, ndipo ikafika pafupifupi 3.57 ndondomeko imatayika. Msodzi wa usipa amene waona chilimila chikudzadza chaka china n'kubwera chopanda kanthu chaka chotsatira angamve kuti masamuwa akunena za iye. Apa tiyenera kusamala kuposa mmene Gleick anasamalira. Kuti lamulo la pa pepala likhoza kubala kudumphadumpha sizitanthauza kuti kusowa kulikonse kwa nsomba kwachokera pamenepo. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kuchuluka kwa asodzi. Gulugufe analibe mlandu pamenepo.

Chimene bukuli silikanatha kunena, chifukwa linatuluka msanga, ndi mmene akatswiri a zanyengo anagwiritsira ntchito phunziro la Lorenz. Kuyambira mu December 1992, malikulu olosera nyengo a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuyendetsa kompyuta kambirimbiri pa tsiku limodzi, ulendo uliwonse akusintha pang'ono manambala oyambira. A ku Ulaya akhala akuyendetsa maulendo 51. Ngati ambiri mwa maulendowo aonetsa mvula, chiyembekezo n'chachikulu. Ngati abalalika, ndiye kuti sabata imeneyo nyengo siikuloseka, ndipo kudziwa zimenezo n'kothandiza pakokha. Kulosera kwa dzinja lonse, kumene nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza mvula isanayambe, kumadalira china: kutentha kwa madzi a m'nyanja zazikulu, kumene kumasintha pang'onopang'ono. El Niño ikabwera, kawirikawiri chigawo chakummwera chimaona ng'amba pamene kumpoto, kuphatikizapo Chitipa ndi Karonga, mvula imakhala yokwanira kapena yopitirira. Tinaziona m'dzinja la 2015 mpaka 2016, ndipo mu March 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha El Niño.

Kulosera kotereku kumanena za mwayi, monga kuti dzinja likupendekera ku mvula yochuluka kapena yochepa. Koma uthengawo ukamadutsa pa wailesi, kwa alangizi, mpaka pa bwalo la mfumu, mawu a mwayi aja amagwera m'njira, n'kutsala lonjezo lakuti chaka chino mvula ndi yabwino. Mlimi amabzala mbewu yogula ndi ndalama za ngongole pa mvula yoyamba, kenako dzuwa limaswa mtengo masabata atatu, mbewu n'kupserera m'nthaka. Chaka chotsatira samveranso wailesi. Chonsecho mvula ya dzinja lonse ikhoza kukwana monga analosera, pamene ng'amba ya masabata atatu ija, imene yapha mbewu, inali ya mtundu umene sukanadziwika mu September. Alimi a ku Chitipa amene amasakaniza chimanga, mawere, nyemba ndi mbatata, kapena kubzala munda wina lero wina pakapita masiku, akuchita m'munda zimene makompyuta a ku Ulaya amachita ndi maulendo awo 51, ndipo anayamba kale.

Mbali ya bukuli imene owerenga a m'mbali mwa nyanja angaikonde ili m'mutu wa Benoit Mandelbrot. Iye anatenga mayina a aneneri awiri, Nuhu ndi Yusuf, mtendere ukhale pa iwo, n'kutchulira makhalidwe awiri a chilengedwe: kusintha kwadzidzidzi kwakukulu monga chigumula, ndi kutsatizana kwa zaka zabwino kapena zoipa m'magulumagulu. Anatsamira pa ntchito ya Harold Edwin Hurst, amene anafufuza kukwera ndi kutsika kwa mtsinje wa Nile pogwiritsa ntchito zolembedwa za zaka mazanamazana za ku chilumba cha Roda mu Cairo, kumene choyezera madzi chimene chilipo lero chinamangidwa m'chaka cha 861 mu ulamuliro wa Khalifa al-Mutawakkil. Nyanja yathu ili ndi khalidwe lomweli. Kuyambira 1915 mpaka 1935 inatsika kwambiri moti madzi analeka kutuluka kulowa mu Shire. M'chaka cha 2024 inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Amene anamanga pa mchenga poona pamene madzi ankalekezera zaka khumi zapitazo anayeza nyanja ndi chikumbumtima cha m'badwo umodzi.

Gleick akuithamangira nkhani ya Nile imeneyi, chifukwa mtima wake uli pa akatswiri ndi zithunzi zokongola za pa kompyuta. Kwa ife ndiyo mbali yolemera. Hurst anatha kuona zimene anaona chifukwa panali anthu ku Cairo amene chaka ndi chaka ankatsika masitepe kukawerenga madzi n'kulemba, maufumu akusinthana pamwamba pawo. Ntchito yofanana ndi imeneyo ku Misuku, ku Wenya kapena ku Chisenga ndi ya munthu wodzuka m'mawa kukayang'ana chitini choyezera mvula pa sukulu kapena pa ofesi ya zaulimi, n'kulemba mamilimita m'kaundula, ngakhale tsiku limene m'chitinimo mulibe kanthu.