Bakha wa ku Harvard amene amakana kupereka yankho

Chitulukireni GitHub Copilot mu 2021 ndi ChatGPT kumapeto kwa 2022, wophunzira za kompyuta angathe kulemba chiganizo chimodzi chabe, makina n'kumulembera pulogalamu yonse. Ntchito imene inkadya sabata yathunthu ikutha madzi a tiyi asanawire, ndipo mphunzitsi pochonga sadziwanso ngati akuchonga mwana kapena makina.

Ku yunivesite ya Harvard, a David Malan, amene amaphunzitsa kosi ya CS50, analetsa zida zoterezi. Mu 2023 anapatsa ophunzira chida chawochawo chokhala ndi chithunzi cha bakha, potengera chizolowezi cha olemba mapulogalamu chofotokozera kabakha ka mphira vuto lawo mpaka ataona okha pamene alakwitsa. Bakhayu amafunsa mafunso ndi kulozera njira, koma yankho amalimana. Ukamufunsa mobwerezabwereza, amakudikiritsa.

Pamenepa ndikuwayamikira. Mwalimu aliyense amadziwa kuti mwana akakakamira pa ayah sumumalizira. Umamupatsa liwu loyamba lokha, n'kukhala chete, ngakhale kukhala cheteko kumawawa.

Komabe bakha saona ngati wophunzirayo watsegula ChatGPT pambali. Ife ku madrasa sitikhutira ndi mawu akuti "ndaloweza": mwana amatseka Qur'an, n'kuwerenga pamtima mwalimu akumvetsera.  Wophunzira atseke kompyuta, akhale pamaso pa mphunzitsi wake, afotokoze pakamwa chifukwa chimene mzere uliwonse wa pulogalamu yake ulili pamene uli.