Mayi wa ku Austrått m'manja mwa Ibsen

Mwamuna wake, Nils Henriksson, atamwalira mu 1523, Ingerd Ottesdatter anatsala akuyendetsa yekha chuma cha ku Austrått pamodzi ndi minda yambiri m'Norway. Analimbirana malo ndi bishopu wamkulu Olav Engelbrektsson, ndipo ana ake aakazi anakwatiwa ndi akuluakulu a ku Denmark monga Vincens Lunge ndi Nils Lykke. Ingerd anafa pomira m'nyanja mu 1555.

Henrik Ibsen polemba Fru Inger til Østeraad, sewero lomwe linaonetsedwa koyamba ku Bergen pa 2 Januwale 1855, anapanikiza moyo wonsewo mu usiku umodzi wa mu 1528. Apa m'pamene pagona mphamvu ya seweroli. Alendo akulowa m'nyumba mumdima, aliyense akubisa chimene wadzera, ndipo palibe nthawi yoti wina afufuze. Ibsen anam'patsa Inger (ndilo dzina la Ingerd m'seweroli) mwana wamwamuna wachinsinsi, Nils Stensson, amene mbiri siim'dziwa. Oonera amazindikira msanga kuti mnyamata ali m'nyumbamoyo ndi wake, mayiyo osadziwa. Tsono akamalamula kuti aphedwe, poganiza kuti akuchotsa wopikisana ndi mwana wake pa ufumu, mawu ake onse amatibaya chifukwa ife tikuona chomwe iye sakuona. Mphete yopezeka pamtembo ndiyo imaulula zonse.

Lusoli Ibsen analitola ku masewero a Eugène Scribe, omwe ankachitika kawirikawiri pabwalo la ku Bergen pomwe iye ankagwira ntchito, ndipo kubwerekako kumaonekera. Anthu a m'seweroli amasokoneza mnzawo ndi munthu wina kambirimbiri, mpaka woonera amayamba kuwerenga misampha m'malo momva chisoni.

Chondidandaulitsa kwambiri ndi chimene chinatayika. Inger wa Ibsen akulemedwa ndi nkhani ya ufulu wa dziko komanso chikondi cha pa mwana, zinthu zomwe oonera a mu 1855 ankazifuna, Norway ili pansi pa mfumu imodzi ndi Sweden. Koma minda, milandu ya cholowa, kuwerengera phindu la ukwati uliwonse, zonsezi zinatsala kunja kwa bwalo. Ibsen wazaka 26 sanakhulupirire kuti ndalama ndi zikalata zinganyamule sewero. Anadzasonyeza kuti zingatero mu 1879, pamene ngongole ndi siginecha yabodza zinagwetsa banja la Nora m'sewero lake la Et dukkehjem.